Madzi a Apongozi pa Doko la Rivirivi

Mpikisano wothamanga mtunda wautali, uwu pa wailesi masiku ano akuti marathoni, ndinauchitapo kamodzi kokha pa moyo wanga, ndipo ndinafika womaliza. Si kuti miyendo inandikana, iyayi. Miyendo inali bwinobwino. Chimene chinasokonekera ndi mutu, ndipo mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mutuwo umasokonekeranso.

Kwathu ndi ku Nsanama, kutsidya la Shire. Ndinakakwatira ku Rivirivi zaka zingapo nkhondo ya azungu itatha, njala yaikulu ija itangodutsa kumene. Akwawo kwa mkazi wanga anali Alomwe, makolo awo anachokera kwa Apwitikizi, anthu opemphera ndi olima kwambiri. Ine ndinalowa m'mudzimo ngati mkamwini, ndipo amene anakhalapo pachikamwini akudziwa chimene ndikunena. M'mawa munda wa apongozi, wanga dzuwa litatentha kale. Denga likadontha, ndine. Mbuzi ikalowa m'munda wa eni, wokapepesa ndine. Nkhokwe ndinaluka ndi manja angawa, koma kutapamo chimanga ndinkachita kudikira kuuzidwa.

Apongozi aamuna anali atamwalira kale, choncho mwini zonse pakhomopo anali apongozi aakazi. Mwambo wake unali wakuti ine ndi iwo tisaonane maso, tisalankhulane, tisapatsane chinthu pamanja. Ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira kutchire n'kunjuta, iwo n'kufunda nsalu kumutu n'kudutsa atatembenukira kwina. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Zaka zitatu ndinakhala pakhomo limodzi ndi munthu amene nkhope yake sindinkaidziwa bwino. Ndinkadziwa msana wawo, katsokomoledwe kawo, ndi dzanja lawo lamanja, chifukwa ndi limene linkatulukira pa ngodya ya mpanda likamakankhira lichero la ndiwo kwa ife. Chala chachikulu cha dzanjalo chinali chopindika, akuti chinaphwanyidwa ndi munsi ali mtsikana.

Ndinene zoona, ndinkakhulupirira kuti sankandifuna. Uthenga uliwonse umene mkazi wanga ankabwera nawo unali wa ntchito. Amayi akuti khola lagwa. Amayi akuti nsungwi zatha. Sindinamvepo kuti amayi akuti mwagwira bwino. Mwina ankanena, mkazi wanga n'kumaiwala panjira. Kaya.

Tsiku lina Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, aphunzitsi analengeza kuti mzungu wina wa ku siteshoni ya Balaka akufuna mtengamakalata, munthu wonyamula makalata obwera pa sitima n'kumakawapereka wapansi ku mamishoni ndi ku minda ya azungu. Ntchitoyo inali ndi yunifolomu ya khaki, komanso nyumba ku malaini a sitima. Nditamva za nyumbazo ndinatchera khutu. Amalume ake a mkazi wanga anali atandiuza kale kuti ndikadzapeza ntchito yokhala ndi nyumba, sadzandikaniza kumutenga mwana wawo chitengwa. Ndinadziona ndili pakhonde langa, ndikuyenda m'njira osadumphira kutchire chifukwa cha munthu.

Koma ofuna ntchitoyo tinachuluka. Mzunguyo, amene akuti kwawo ankakonda zothamanga, anati asankha ndi mpikisano: kuchoka pa siteshoni, kukafika pa doko la Rivirivi, n'kubwereranso. Anati mtunda wake ukufanana ndi wa mpikisano waukulu wa kwawo. Dokolo linali kumunsi kwa mudzi wathu womwewo, pamene amayi ankatunga madzi.

M'mudzimo munali mkamwini mnzanga wachikulire, msilikali wakale amene tonse tinkangomutchula kuti a Kopolo. Anabwera ku nkhondo akutsimphina mwendo umodzi, koma pakamwa panali pathanzi. Atamva kuti ndalembetsa, anandipeza ndikusema mpini.

"Achimwene, munathamangapo mtunda wotani?"

"Kuchoka ku Nsanama kukafika ku Liwonde ndinkayenda osapuma," ndinatero monyada.

"Ndafunsa kuthamanga, inu mukuti kuyenda. Mverani. Miyendo muli nayo, ndaiona. Koma pa mtunda wotere choyamba kutopa ndi mutu. Mutu ukaona njira yonse umauza miyendo kuti tiyeni tikhale pansi. Ndiye musamauonetse."

Anandiphunzitsa zinthu zitatu, ndipo ankazibwereza ngati katekisimu. Choyamba, njira muziidula zidutswa. Musamaganize za doko mukadali pa siteshoni. Muziganiza za mtengo wa mango, mukafika pa mango muziganiza za mlambe, mukafika pa mlambe muziganiza za sitolo ya Mmwenye, basi. Chachiwiri, maso pansi. Muziona dothi la mapazi atatu kutsogolo kwanu, osati munthu, osati phiri, osati amene wakupitirirani. Chachitatu, chikakugwerani panjira, kaya mwaphunthwa, kaya minga, muwerenge mpaka khumi, mudzuke, chinthucho muchisiye pomwepo. Ankati anzawo ambiri ku nkhondo sanagwe ndi chipolopolo, anagwa chifukwa chonyamula m'mutu zimene zinachitika dzulo.

Ndinayamba kuyeserera mbandakucha uliwonse ndisanapite kumunda, ndipo Loweruka ndinkayesa njira yonse kuyambira pa siteshoni. Mudzi wonse unapeza choseka. Ankati mkamwini wa ku Nsanama wayamba misala, akuthamanga popanda chomuthamangitsa, mutu pansi ngati wataya singano. Tsiku lina ndinagundadi mbuzi ya eni, tonse awiri n'kugwera m'ngalande. Lina ndinapitirira aphunzitsi osawapatsa moni, nkhani n'kufika mpaka kutchalitchi. Zinkandipweteka, koma ndinkawerenga mpaka khumi n'kuzisiya pomwepo monga anandiuzira a Kopolo. Ndipo zinkathandizadi.

Chimene chinkandikanika chinali chimodzi: ludzu. Inali nyengo yotentha mvula isanagwe, ndipo amene anakhalapo ku Balaka nyengo imeneyo akudziwa kuti dzuwa la kumeneko silichita nthabwala. Ndikafika pa doko kukhosi kunkakhala kutauma gwaa. Mtsinje unali utaphwa, madzi ankachita kufukulidwa mumchenga. Ndikagwada kuti ndimwe pa kachitsimeko, miyendo inkauma, ndipo podzuka m'nthiti munkabaya moti ulendo wobwerera ndinkangoukwawa. Ndikapanda kumwa, ndisanafike pa mlambe maso ankayamba kuona mdima. Ndinawafunsa a Kopolo chochita.

"Msilikali samwa madzi pakati pa ulendo. Ikani kamwala m'kamwa."

Kamwalako ndinakayesa, ndinatsala pang'ono kukameza. Madzulo ena ndinamudandaulira mkazi wanga tili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda wa bango umene unkatilekanitsa ndi apongozi. Ndinati pakanangokhala munthu wondipatsa madzi ndili chiimire, osagwada, ntchito ija ikanakhala yanga. Iye sakanatha, anali ndi pakati pa mwana wathu wachiwiri, masiku atayandikira, ndipo anamuletsa kupita kudoko. Akazi a eni sakanayerekeza kumwetsa mwamuna wa mnzawo pagulu. M'mawa mwake uthenga unabwera wakuti amayi akuti munda wa kudambo sunasosedwe. Ndinakwiya kwambiri. Ndinati anthu awa akuona kuti ndatsala pang'ono kuwapulumuka, ndiye akufuna kunditopetsa.

Tsiku la mpikisano ndinagona ku Balaka kwa mbale wa a Kopolo. M'mawa tinaima pa mzere kutsogolo kwa siteshoni, amuna ambirimbiri, tonse opanda nsapato. Ena anali atamanga zithumwa m'mikono, ena atadzola mafuta m'miyendo. Mzungu uja anafotokoza kudzera mwa kalaliki wake kuti kalaliki wina watsogola kale pa njinga, ndipo aliyense wofika pa doko azimulemba choko pa malaya kuti pasakhale wobwerera panjira. Kenaka anaimba wezulo.

Anyamata anatuluka ngati akuthawa njuchi. Fumbi lokhalokha. Mtima wanga unkafuna kuwatsatira, koma ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti mango, mango, mango. Nditafika pa mango ndinayamba kuona zidendene. Ndikaona chidendene m'kadothi kanga ka mapazi atatu, ndinkachilambalala, china n'kubwera, n'kuchilambalalanso. Nkhope ya munthu sindinaone ngakhale imodzi. Pa mlambe ndinamva wina akusanza m'mbali mwa njira. Pa sitolo ya Mmwenye zidendene zinali zitachepa, ndipo potsetsereka kulowera kumtsinje panalibenso chidendene chilichonse kutsogolo kwanga. Ndinkamva nthungululu za amayi a kumudzi kwathu, omwe aja ankandiseka. Ndinakondwa, sindibisa.

Pa doko ndinamva dzanja la kalaliki likundikhwatcha choko pachifuwa. "Woyamba!" anatero. Kukhosi kunali kutatsekeka moti sindikanatha kumuyankha. Ndinatembenuka kuti ndibwerere, ndikulimbana ndi mtima ngati ndigwade pa kachitsime kapena ndipite choncho. Pamenepo m'kadothi kanga kaja munalowa dzanja litagwira chikho chodzaza madzi.

Sindinaganize. Ndinalandira n'kumwa ndili chiimire. Madziwo sanali a mumchenga wotentha uja. Anali ozizira, a mumtsuko, onunkhira dothi ndi utsi pang'ono. Ndinamva akutsika mpaka m'mimba, maso n'kuyera. Pobweza chikho ndi pamene ndinaona chala chachikulu chopindika.

Apa ndi pamene sindimvetsa mpaka lero. Ndinali nditadziwa kale. Chala chija ndinkachidziwa kuposa changa. Chotsala chinali kungonyamuka n'kunena kuti sitolo, sitolo, sitolo. Masabata onse aja ndinagunda mbuzi, ndinapitirira aphunzitsi, osadzutsa mutu. Koma tsiku limenelo, pamalo pokhapo pamene sindinkayenera, ndinadzutsa mutu.

Apongozi anali atafunda nsalu kumutu mpaka kumaso, koma potambasula dzanja kuti alandire chikho nsaluyo inatsetsereka. Tinayang'anana. Anali ndi mphini m'masaya, ndipo maso awo anali a mkazi wanga enieni. Amayi amene anali padokopo anangoti "Ha!" onse pamodzi, nthungululu n'kuzima. Chikho chinagwa pamwala. Ndinafuna kugwada, ndinafuna kuomba m'manja, ndinafuna kubisa nkhope, ndipo thupi langa linasankha lokha chimene linazolowera zaka zitatu. Ndinadumphira kutchire.

Mwambo umati upatuke pang'ono n'kunjuta mpaka adutse. Ine sindinanjute. Ndinathamanga. Ndinapyola m'bango, m'minga, m'mapesi a eni, ndipo penapake ndinalowa mu chitedze. Amene sanayabwidwepo ndi chitedze thukuta lili thupi lonse asandiuze za mavuto. Ndinadzigudubuza pa mchenga, ndinadzikanda mpaka magazi. Nditakhala tsonga sindinkadziwa kuti mtsinje uli mbali iti.

Ndinakumbukira lamulo lachitatu la a Kopolo. Ndinawerenga mpaka khumi. Nditafika pa khumi nkhope ija inali pomwepo. Ndinawerenganso. Ndinawerenga m'Chichewa, ndinawerenga m'Chiyao cha kwathu, osathandiza. Minga umaizula n'kuitaya, koma ichi ndikanachizula pati? Mafunso ankangobwera. Ndamwa madzi a m'manja mwa apongozi, pamaso pa mudzi wonse, ndiye mawa ndikayenda bwanji? Iwowo ankafuna chiyani pamenepo? Kodi sanadziwe kuti ndine? Akanalephera bwanji kudziwa, poti wothamanga chowerama m'dziko lonselo ndinali ndekha? Nanga ngati ankadziwa, anabwera kudzandithandiza kapena kudzandigwetsa? Ndikaganiza kuzizira kwa madzi aja ndinkati anandikonzera. Ndikaganiza za munda wa kudambo ndinkati anandikonzeradi, koma msampha.

Ndinadzuka n'kumayenda mpaka ndinatulukira pa njanji. Ndinasangalala, ndinati njanji sisocheretsa munthu. Ndinayambanso kuthamanga, maso pansi, ndikuwerenga mitanda ya njanjiyo. Ndinathamanga nthawi yaitali ndithu, mpaka ndinapeza anthu okonza njanji atakhala pamthunzi.

"Ku Balaka kwatsala mtunda wotani, achimwene?"

Anayang'anana. Wamkulu wawo analoza ndi chibwano kumene ndinkachokera. "Balaka mwaisiya kumbuyo, bambo. Uku mukupita ku Utale."

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, iwo n'kumandiyang'ana osadziwa kuti andifunse chiyani.

Pa siteshoni ndinafika dzuwa litapendeka. Anthu anali atabalalika kalekale. Ntchito inali itapita kwa mwamuna wina wa cha ku Ntcheu, amene akuti pa doko anafika wachitatu. A Kopolo okha ndi amene anali atakhala pansi pa mtengo, ndodo yawo ili pamiyendo. Anayang'ana choko cha pachifuwa changa, anayang'ana zilonda za m'mikono.

"Kalaliki akuti munafika woyamba, kenaka munalowa m'tchire ngati gwape. Chinakulumani n'chiyani?"

"Wina anandipatsa madzi."

"Ndiye?"

"Ndinamuyang'ana."

"Ndinakuuzani kuti maso pansi!"

"Anali apongozi, a Kopolo."

Anandiyang'anitsitsa. Kenaka anayamba kuseka, anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Atapuma anati, "Aaa, iyayi, achimwene. Zimenezo ku nkhondo sanatiphunzitse. Ngakhale ine ndikanathawa."

Kumudzi nkhaniyo inakambidwa ndi akuluakulu, ndinapereka nkhuku yopepesera, n'kutha. Apongozi palibe anawafunsa kanthu, kapena ngati anawafunsa ine sindinamve. Ndinamufunsa mkazi wanga kuti, "Amayi anu ankafuna chiyani padoko paja?"

"Kodi simunali ndi ludzu?" anatero.

Ine ndinamva ngati akundinyodola. Ndinakalipa. Ndinati iye ndi amayi ake apangana kuti ndife ndili mkamwini, ndipo nkhani ya doko isadzamvekenso m'nyumba mwanga, kaya ndili moyo kaya ndafa. Mkazi wanga anali munthu womva kamodzi. Sanaitchulenso.

Ndinayesapo kuthamanganso chaka chotsatira, ndekhandekha, kuti mwina mwayi wina udzapezeka. Kuchoka pa mango kufika pa mlambe zinkatheka. Koma ndikayamba kutsetsereka kulowera kudoko, miyendo inkangoima yokha. A Kopolo ankati ndikunyamulabe za dzulo. Ankanena zoona, koma sankandiuza poti ndizitule. Ndinasiya. Ndinabwerera ku khasu, ndipo chitengwa chija sichinachitikenso. Ndikawaona apongozi m'njira ndinkapatukabe monga kale, koma tsopano ndinkanjuta ndi mkwiyo. Masiku ena ndinkatsimikiza kuti anachita dala kuti mwana wawo asachoke. Masiku ena ndikamwa madzi a mumtsuko ndinkakayika. Kufunsa sindikanatha, poti ndi iwo sitinkalankhulana, ndipo pakamwa pamene mawu awo ankadzera ndinali nditapatseka ndekha.

Apongozi anamwalira patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Maliro atatha, mkazi wanga ndi abale ake ankatulutsa katundu m'nyumba mwawo. Ine ndinali pabwalo ndikumasula mpanda wa bango uja, poti unalibenso ntchito. Mkazi wanga anatuluka atanyamula mphasa ziwiri zatsopano zokulunga, zimene chiswe chinali chitadya m'mphepete, ndi chikho chong'aluka chosokedwa ndi luzi. Ndinachizindikira nthawi yomweyo.

"Katayeni icho," ndinatero.

Anachiika pansi bwinobwino n'kundiyang'ana. "Bambo ake, munandiletsa, ndipo ndakhala chete zaka zonsezi. Lero mwini wake wapita, ndinena, mukafuna mukalipe. Tsiku lija munkadandaula za ludzu, amayi anamva kuseri kwa mpandawu. Anapempha amayi atatu kuti akakumwetseni, onse anakana. Ndiye anati ndipita ndekha. Ine ndinawaletsa. Anati, 'Mwamuna wako akamathamanga sayang'ana munthu, mudzi wonse ukudziwa. Amwa n'kumapita, sadziwa n'komwe.' Mtsuko anausenza okha, n'kuukwirira mumchenga pamthunzi kuti madzi asatenthe."

"Nanga munda wa kudambo?"

"Munda wa kudambo unali wosasosa, bambo ake. Mumafuna anene kuti chiyani?"

Ndinaloza mphasazo.

"Izi analuka kuti tikayale ku Balaka, m'nyumba ya kumalaini. Ankati mwana wanga akaoneko sitima." Anapukuta m'maso ndi nsalu. "Mukanangomwa n'kumapita."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munaletsa ndinu."

Chikho chija sindinachitaye, chili m'nyumba muno. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zambiri chimene chinandidzutsa mutu padoko paja, ine amene ndinagunda mbuzi osadzutsa mutu. Yankho lenileni ndilibe. Chimene ndimachikumbukira n'chakuti madzi aja atatsika, pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndinene zikomo, ndipo kwathu zikomo sitinena tikuyang'ana pansi pa mapazi a munthu ngati tikuba. Nditaona nkhope yawo mawuwo anabwerera kukhosi. Tinakhalanso pakhomo limodzi zaka zisanu ndi ziwiri, mpanda wa bango uli pakati, ndipo zikomoyo sindinawauze.